Mafunso anu a kompyuta: bwanji Guix imatha maola ikudzimanga yokha?

FUNSO

Zikomo a mlembi, ndimawerenga tsamba lanuli mwezi uliwonse. Ndili ndi laputopu yakale ndithu, ya RAM ya 4 GB ndi purosesa ya ma core 2. Ndinaikamo Debian, mtundu wina wa Linux, kenako ndinawonjezeramo Guix, chida choikira ndi kusamalira mapulogalamu, kuti ndizipezerako mapulogalamu atsopano. Vuto ndi lakuti ndikangolemba `guix pull`, basi zonse zimaima. Fani imalira, mausi imakakamira, ndipo nthawi zina ndimadikira maola awiri kapena atatu. Chondidabwitsa n'chakuti sindinapemphe pulogalamu iliyonse, ndikungofuna kuti Guix yeniyeniyo ikhale yatsopano. Mnzanga ali ndi laputopu yofanana ndi yangayi koma akuti kwa iye zimatha m'mphindi zochepa. Ndalakwitsa pati? Kapena ndingogula kompyuta ina?

YANKHO

Musathamangire kugula ina. Laputopu yanuyo ndi yochepadi mphamvu, koma chimene chikukusiyanitsani ndi mnzanuyo sindikuchiona m'makina. Yake ikungotenga pa intaneti zinthu zomangidwa kale, pamene yanu ikudzimangira yokha. Tikapeza chifukwa chake ikuchita zimenezo, mupulumutsa maola anu aja.

Poti muli pa Debian, munazolowera kuti `apt update` imatha mwachangu. Iyo imangokatenga mndandanda wa mapulogalamu n'kuusunga, basi. Guix inapangidwa mwamtundu wina. Ludovic Courtès poyambitsa ntchitoyi mu 2012 anasankha kuti pulogalamu iliyonse izifotokozedwa m'chilankhulo cha Scheme, chimene chimayendetsedwa ndi Guile. Zotsatira zake n'zakuti mndandanda wa Guix nawonso ndi pulogalamu. Muli mapulogalamu opitirira 20,000, iliyonse yolembedwa komwe imachokera, zimene imadalira ndi mmene imamangidwira. Zolemba zonsezi ziyenera kukompailidwa, kuti zichoke mmene anthu anazilembera zikhale mmene Guile imaziwerengera msanga. Ndiye mukalemba `guix pull` mumakhala mwaitanitsa Guix yonse yatsopano, malamulo ake pamodzi ndi mndandanda wonse uja. Wina ayenera kuimanga. Ngati si maseva a Guix, ndi laputopu yanu.

Ulendo wina mukamapanga, khalani pafupi muonetsetse sikirini, chifukwa imanena yokha pamene yafika. Choyamba imalemba kuti `Updating channel 'guix' from Git repository`. Apa ikukoka zosintha zonse kudzera pa Git, chida chosungira mbiri ya zosintha za pulogalamu, ndipo chochedwetsa chingakhale intaneti yokha. Ulendo woyamba imakoka mbiri yonse ya ntchitoyi, n'chifukwa chake imachedwa, koma maulendo otsatira imangotenga zimene zawonjezeka. Kenako pamabwera mzere woyamba ndi `Authenticating channel`, pamene ikutsimikiza kuti chosintha chilichonse chinasainidwa ndi munthu wololedwa. Ukatha umenewo mumaona `Computing Guix derivation for 'x86_64-linux'` ndi kamzere kozungulirazungulira kumapeto kwake. Gawo ili limachitikira pa makina anu nthawi zonse, palibe seva imene ingakugwirireni, ndipo pa laputopu yakale lingadye mphindi zingapo. Pirirani nalo, si limene likukutherani madzulo.

Zimene zimabwera pambuyo pake ndiye nkhani yonse. Guix imakuuzani chimodzi mwa ziwiri: kuti itenga ma MB angapo pa intaneti, kapena kuti imanga zakutizakuti. Ikasankha kumanga, muona mayina ngati `guix-core`, `guix-extra`, `guix-packages-base`, `guix-system` ndi `guix-cli` akudutsa limodzi ndi limodzi. Lija la `guix-packages-base` ndilo lolemera, chifukwa ndi mmene muli gawo lalikulu la mndandanda uja. Fani ikayamba kulira ndipo mausi yakakamira, yang'anani pa sikirini, kawirikawiri mupeza dzina limeneli.

Simufunika kudikira maola atatu kuti mudziwe njira imene itsate. Lembani `guix pull --dry-run`. Idutsa magawo oyamba aja n'kukuuzani zimene ikanatenga ndi zimene ikanamanga, osachita chilichonse. Ine ndimalangiza aliyense wa makina ochepa mphamvu kuti azifunsa kaye motere asanayambe.

Tsono chifukwa chiyani ingasankhe kumanga? Choyamba kuchotsa panjira ndi nkhani ya makiyi. Guix ili ndi maseva awiri akuluakulu ogawa zomangidwa kale, ci.guix.gnu.org ndi bordeaux.guix.gnu.org, ndipo zomangidwa kalezi amazitchula kuti substitutes. Chilichonse chochokera kumeneko chimabwera chosainidwa, ndipo kompyuta yanu siingachilandire ngati simunaiuze kuti mukukhulupirira kiyi ya sevayo. Poika Guix pamwamba pa Linux ina, pulogalamu yoikira ija imafunsa ngati mukulola kutenga zomangidwa kale. Ambiri amadutsa funsoli osaliwerenga. Onani m'fayilo ya `/etc/guix/acl`. Ngati mulibe makiyi, lowani ngati root, akaunti yolamulira kompyuta yonse, mulembe izi:

`guix archive --authorize < ~root/.config/guix/current/share/guix/ci.guix.gnu.org.pub`

Bwerezani chimodzimodzi ndi fayilo ya `bordeaux.guix.gnu.org.pub` imene ili m'foda yomweyo. Onaninso kuti `guix-daemon`, pulogalamu imene imagwira ntchito yomangayo kuseri, sikuyatsidwa ndi mawu akuti `--no-substitutes`.

Komabe sindikuganiza kuti lanu ndi limeneli. Kompyuta yopanda makiyi imamanga chilichonse, kuyambira GCC yeniyeniyo, pulogalamu yokompailira mapulogalamu ena, ndipo pa ma core 2 mukanandilembera za masiku, osati maola. Mawu amene andigwira m'kalata yanu ndi akuti “nthawi zina”. Chinthu chochedwa lero n'kufulumira mawa chimaloza kwina.

Anthu olemba Guix amawonjezera zosintha kambirimbiri pa tsiku. Chosintha chilichonse, chimene pa Git chimatchedwa commit, chimabala Guix yatsopano yofunika kumangidwa. Seva ya ci.guix.gnu.org ili ndi pulogalamu yotchedwa Cuirass imene imaona zosinthazi n'kuzimanga, koma imafuna nthawi, ndipo pamakhala mzere. Inu mukalemba `guix pull` popanda kunena zina, Guix imathamangira commit yatsopano kwambiri, ngakhale imene yalowa mphindi khumi zapitazo. Ikafunsa ku seva n'kupeza kuti sizinamangidwe, siidikira, imangoyamba kumanga pa makina anu. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Mwawapitirira maseva ndi mphindi zochepa, n'kulipira ndi maola atatu pa ntchito imene iwo akanakugwirirani.

Mankhwala ake ndi mizere inayi. Tsegulani fayilo ya `~/.config/guix/channels.scm`, ngati palibe ipangeni, mulembemo izi:

```
(use-modules (guix ci))
(list (channel-with-substitutes-available
       %default-guix-channel
       "https://ci.guix.gnu.org"))
```

Kuyambira pamenepo, `guix pull` izifunsa kaye seva kuti commit yomaliza imene yamangidwa kale ndi iti, n'kupita pa imeneyo. Mudzatsalira pang'ono kumbuyo kwa olemba Guix, ndipo kwa munthu amene akungofuna kugwiritsa ntchito kompyuta yake, kutsalira kotere sikupweteka. Kunena zoona, ine ndikanakonda kuti aliyense woika Guix pa makina aang'ono aziuzidwa za mizere imeneyi tsiku loyamba. Zimandimvetsa chisoni kuti anthu ambiri amaisiya Guix poganiza kuti ndi yolemera, pamene anangosowa wowauza.

Pali ziwiri zoti musadabwe nazo. Ngati mwangopanga `guix pull` lero ndipo muli pa commit yatsopano kwambiri, imene seva yamaliza ingakhale yakumbuyo kwa yanu. Guix ikana kubwerera m'mbuyo, ndipo ikuchenjezani. Imatero dala, poteteza kuti munthu wachinyengo asakubwezereni ku mapulogalamu akale okhala ndi mabowo odziwika. Ingodikirani mpaka mawa. Alipo mawu akuti `--allow-downgrades`, koma musawazolowere. Chachiwiri, mizere ija ikungolonjeza kuti Guix yokhayo ibwera yomangidwa. Siikulonjeza kuti pulogalamu iliyonse imene mudzaike pambuyo pake ili kale pa seva.

Ngati m'fayilo yomweyo munawonjezeramo ma channel ena, ndiko kuti mindandanda ya mapulogalamu ya anthu kapena magulu ena, dziwani kuti amenewo seva ya Guix siiwamanga. Adzakompailidwa pa laputopu yanu ulendo uliwonse. Ang'onoang'ono savuta. Koma ngati ilipo imene munaiika chifukwa cha pulogalamu imodzi yomwe munasiya kale kugwiritsa ntchito, ichotseni.

Tsiku lina kumanga kudzakupezanibe, ndiye tikambe za 4 GB ija. Mausi ikakakamira, kawirikawiri purosesa siimakhala yolakwa. RAM imakhala yadzaza, ndipo Linux yayamba kusamutsira zinthu pa disiki, pa malo otchedwa swap, n'kumazibwezanso. Disiki ndi yochedwa kutalitali poyerekeza ndi RAM, makamaka ngati ndi yakale yozungulira ija. Mungadzionere nokha. Tsegulani terminal ina pamene kumanga kuli mkati, mulembe `vmstat 1`. Izitulutsa mzere umodzi pa sekondi. Yang'anani pansi pa `si` ndi `so`. Ngati pali ma 0 okhaokha, zili bwino. Ngati manambala akuluakulu akungotsika mzere ndi mzere, kompyuta yanu ikuthera nthawi kunyamula zinthu uku ndi uku, ndipo kumanga kwenikweni kukuyenda pang'onopang'ono. Kumapeto kwa mzere womwewo kuli `wa`, imene imasonyeza nthawi imene purosesa yangokhala kudikira disiki.

Mukaona zimenezo, tsekani browser musanayambe, chifukwa yokhayo ingadye gawo lalikulu la RAM yanu. Kenako lembani `guix pull --cores=1`. Zikumveka ngati kubwerera m'mbuyo, koma mafayilo awiri akamakompailidwa nthawi imodzi, iliyonse imafuna malo ake mu RAM. Imodzi imodzi yokwanamo bwino imatha msanga kuposa ziwiri zolimbirana malo. Pa Debian palinso phukusi la `zram-tools`, limene limapanga swap yopanikizidwa mkati mwa RAM momwemo, ndipo pa makina a 4 GB limathandiza ndithu. Chinanso, lembani `df -h /tmp`. Guix imamangira mu `/tmp`, ndipo kuyambira Debian 13, imene inatuluka mu 2025, foda imeneyi imakhala mu RAM. Mukaona mawu akuti `tmpfs`, ndiye kuti zomangira zikudyanso RAM yomwe ija. Lembani `sudo systemctl edit guix-daemon`, muuze daemon kuti `TMPDIR` yake ikhale `/var/tmp`, n'kuiyatsanso. Ndipo laputopu ikhale pa chaja, pa tebulo lolimba, osati pa bulangeti, chifukwa purosesa ikatentha imadzichepetsera liwiro yokha.

Mnzanu uja angakuthandizeni kuposa mmene mukuganizira. Mupempheni alembe `guix describe -f channels > channels.scm` akutumizireni fayiloyo. Inu mulembe `guix pull -C channels.scm`. Mudzakhala pa commit yeniyeni imene iye ali, ndipo ngati kwa iye inabwera yomangidwa kale, kwa inunso iyenera kutero. Ikafulumira, mwatsimikiza kuti vuto silinali laputopu. Njira yomweyi ndi yothandiza pa kompyuta imodzi. Munthu aliyense ali ndi Guix yakeyake, root nayenso ali ndi yake, ndipo pa Debian daemon imachokera ku ya root. Ambiri amapanga `guix pull` okha, kenako ngati root, pakati pake commit yasintha, n'kumanga kawiri. Mukapatsa root fayilo ija, zonse azipeza zili kale mu `/gnu/store`.

Ngati makompyuta anu amakumana pa netiweki imodzi, wamphamvu angathe kugawira mnzake ndi `guix publish --advertise`, winayo n'kuyatsa daemon yake ndi `--discover`. Pafunika kuvomereza kiyi ya kompyuta yogawayo, monga tinachitira ndi maseva aja. Musavomereze kiyi ya munthu amene simukumukhulupirira, chifukwa mukatero mwamulola kuika chilichonse m'kompyuta yanu.

Kanthu kena kakang'ono kamene kamabweza anthu m'mbuyo ndi kuyeretsa mopitirira. `guix gc` yopanda malire imafufuta chilichonse chimene sichikugwiritsidwa ntchito panthawiyo, kuphatikizapo zida zimene `guix pull` idzafunenso. Malo akachepa, lembani `guix gc -F 5G`, imene imafufuta mpaka papezeke 5 GB n'kuima. Foda ya `~/.cache/guix` nayo isiyeni. Mmenemo ndi mmene muli mbiri ya Git ija, ndipo mukaifufuta mudzaikokanso yonse.

FUNSO

A mlembi, ine ndili pa Gentoo, Linux imene mapulogalamu ake amamangidwa pa kompyuta ya mwini wake. Kompyuta yanga ili ndi ma thread 16 ndi RAM ya 8 GB. Ndinamva kuti kukweza nambala ya `-j` kumafulumizitsa, ndiye ndinaika `MAKEOPTS="-j16"`. Koma nditapanga apudeti ya mapulogalamu onse ndi `emerge -avuDN @world`, inachedwa kuposa kale, kenako inafera pakati pomanga phukusi la qtwebengine. Anthu ena akuti ndiike ccache. Kodi imeneyo ithetsa vutoli?

YANKHO

Ayi, ccache siithetsa limeneli. Tiyambe ndi nambala ija.

`-j16` ikutanthauza kuti mafayilo 16 azikompailidwa nthawi imodzi. Purosesa yanu ingakwanitse, RAM ndiyo singakwanitse. Fayilo imodzi yolemera ya C++, ngati zimene zadzaza mu qtwebengine, ingafune 2 GB yokha ili mkati mokompailidwa. Ndiye a Gentoo amalangiza kuti muwerenge 2 GB pa ntchito iliyonse, muyerekeze ndi ma thread anu, n'kutenga nambala yocheperapo. Kwa inu 8 GB kugawa ndi 2 ndi 4. Lembani `MAKEOPTS="-j4"` mu `/etc/portage/make.conf`. Kuti mutsimikize chimene chinapha kumanga kuja, lembani `dmesg` ngati root musanazimitse kompyuta. Ndikuyembekezera kuti mupeza mzere wonena `Out of memory` ndi dzina la `cc1plus`, imene ndi mbali ya GCC yokompaila C++. Linux inaona kuti RAM yatha n'kupha amene amadya kwambiri.

Samalaninso ndi `--jobs` ya emerge, imene ndi nambala ina. Iyo imanena kuchuluka kwa maphukusi omangidwa nthawi imodzi, ndipo phukusi lililonse limatenga `-j` yake yonse. Mukaika `--jobs=4` pamodzi ndi `-j4`, mwabwereranso pa 16 paja osadziwa. Ngati mukufuna kuti maphukusi ang'onoang'ono aziyenda mwachangu, pali njira yabwinopo: siyani `-j` yokwererapo kwa onse, koma zimphona zokha muzipatse yochepa kudzera mu `/etc/portage/package.env`. Zimphonazo n'zodziwika: chromium, qtwebengine, webkit-gtk, rust, llvm, gcc ndi libreoffice. Kuti mudziwe zimene zikukudyerani nthawi inuyo, ikani `portage-utils` mulembe `qlop -t` ndi dzina la phukusi. Ikuuzani nthawi imene linatenga ulendo uliwonse. Mudzapeza kuti pa maphukusi ambirimbiri amene muli nawo, ochepa okha ndiwo akutenga pafupifupi nthawi yonse.

Za ccache tsopano. Ndi chida chabwino, chimene Andrew Tridgell, yemwe uja wa Samba, analemba mu 2002. Chimasunga zotsatira za fayilo iliyonse imene yakompailidwa, kuti fayilo yomweyo ikabweranso yosasintha, ndi compiler yomweyo ndi ma flag omwewo, chingopereka zosunga zija. Kwa munthu wolemba pulogalamu, amene amamanga chinthu chimodzi kakhumi pa tsiku atasintha mizere iwiri, ndi chuma. Inu mukupanga apudeti, ndiye kuti zimene mukumanga ndi zatsopano. Fayilo imodzi ya header ikasintha, mafayilo onse oidalira amaoneka atsopano kwa ccache. GCC ikasintha, zosunga zonse zimatha ntchito. Ulendo woyamba imachedwetsako pang'ono, ndipo imadya disiki. Pamene ingakupulumutseni ndi pamene phukusi lalikulu lafera panjira ndipo mukuliyambanso, kapena mwangosintha USE flag imodzi, ndiko kuti chosankha choyatsa kapena kuzimitsa mbali ina ya phukusi. Ikani ya maphukusi amenewo okha ngati mukufuna, koma musaiyembekezere kuti isinthe apudeti yanu ya sabata ndi sabata.

Chimene chingasinthe zinthu kwambiri ndi kusamanga zimphona zija. Mu Disembala 2023 a Gentoo anayamba kugawa maphukusi omangidwa kale ochuluka a amd64 ndi arm64, osainidwa, ochokera kwa iwo eni. Adiresi ya seva imalembedwa mu `/etc/portage/binrepos.conf`, makiyi amakonzedwa ndi `getuto`, ndipo mu `make.conf` mumawonjezera `getbinpkg` ndi `binpkg-request-signature` pa `FEATURES`. Portage, chida cha Gentoo choikira maphukusi, ikapeza phukusi lomangidwa kale logwirizana ndi ma USE flag anu, imalitenga. Likapanda kugwirizana, imamanga monga kale. Apa m'pamene muyenera kudzifunsa moona mtima ngati flag iliyonse imene munasintha mukuifunadi. Flag imodzi yosafunika pa qtwebengine ingakulipiritseni usiku wonse. Kupatula apo, alipo maphukusi a dzina lothera ndi `-bin`, monga `firefox-bin`, `rust-bin`, `libreoffice-bin` ndi `gentoo-kernel-bin`. Onaninso ngati munayatsa `lto` kapena `pgo`. `pgo` imamanga pulogalamu, n'kuiyendetsa kuti ione mmene imagwirira ntchito, n'kuimanganso kachiwiri. Phindu lake lilipo, koma ndi laling'ono poyerekeza ndi nthawi imene mukuluza pa 8 GB.

Ndikudziwa kuti ena amaona ngati kutenga zomangidwa kale n'kusiya Gentoo. Ine sindiona choncho. Ubwino wa Gentoo ndi woti mumasankha nokha, ndipo kusankha kumanga zimene mumazisamala n'kutenga zinazo ndi kusankha ndithu. Ngati mudzafune kuwonjezera china m'kompyutamo, yambani ndi RAM. Ma thread 16 aja ambiri akungokhala chifukwa alibe pogwirira ntchito. Ndi 32 GB, `-j16` yanu ija idzakhala yolondola.

FUNSO

A mlembi, ndatopa ndi kudikira. Ndaganiza zomapanga `guix pull` kamodzi pa chaka, ndipo ndamva kuti `--disable-authentication` imadumphitsa gawo lina. Kodi pali choipa?

YANKHO

Chilipo, pa zonse ziwiri, ndipo ndikupempheni kuti musatero.

Kutsimikiza masiginecha kunalowa mu Guix mu 2020. Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti chosintha chilichonse chimene mukulandira chinasainidwa ndi mmodzi mwa anthu ololedwa kulemba mu Guix, ngakhale seva yosungira Git itagwidwa ndi akuba. Kumbukirani chimene mukukokacho: ndi pulogalamu imene idzasankhe kumene mapulogalamu ena onse a m'kompyuta yanu achokere. Wina akailowerera, walowa paliponse. Ndipo nthawi imene mungapulumutse ndi yochepa kwambiri. Gawoli ndi lopepuka poyerekeza ndi kumanga, komanso Guix imakumbukira ma commit amene inatsimikiza kale, ndiye imangoona atsopano okha. Mawu aja anaikidwira anthu oyesa zinthu pa Git yawoyawo, amene akudziwa chimene akukoka.

Kudikira chaka nakonso sikuchepetsa ntchito. Ma commit otsimikiza adzakhala a chaka chonse, pafupifupi pulogalamu iliyonse imene muli nayo idzakhala itasintha, ndipo mudzakoka zonse tsiku limodzi. Miyezi yonseyo mudzakhala mukuyenda pa intaneti ndi browser ndi OpenSSL zokhala ndi mabowo amene anatsekedwa kalekale. Ikani mizere inayi ija ndapatsa wowerenga woyamba, muzipanga `guix pull` kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, nthawi imene simukufuna kompyutayo mwachangu.

Dziwaninso kuti `guix pull` payokha siisintha mapulogalamu amene munaika. Imangobweretsa Guix yatsopano ndi mndandanda wake. Chosintha mapulogalamu ndi `guix upgrade`, ndipo apanso funsani kaye ndi `guix upgrade --dry-run`. Mukaona kuti ikufuna kumanga chinthu chachikulu, lembani `guix weather` ndi dzina la pulogalamuyo, ikuuzani ngati maseva ali nacho. Ngati alibe, gwiritsani ntchito `--do-not-upgrade` pa pulogalamu imeneyo yokha, zinazo zipite, ndipo muyesenso pakapita masiku awiri. Chinachake chikasokonekera mutasintha, `guix pull --roll-back` ikubwezerani pa Guix imene munali nayo, ndipo `guix package --roll-back` ibweza mapulogalamu anu, zonse popanda kumanga chilichonse.